Damu Lopanda Nsomba

Munthu wowedza ndi mbedza mungamudalire pa zinthu zambiri. Angakuperekezeni kuchipatala, angakubwerekeni njinga, ndipo pa mavuto ndiye woyamba kufika. Koma mukamupeza m'mbali mwa madzi n'kumufunsa kuti, "Zikudya?" choona chiiwaleni. Ayang'ana madzi, apukusa mutu ngati munthu wofedwa, n'kuyankha kuti, "Aaa, sizikudya." Nthawi imeneyo n'kuti ndowa ataikankhira kale kuseri kwa udzu ndi chidendene, nsomba zikuphiriphitha m'katimo.

Pa bodza limeneli mphunzitsi wa onse anali a Mawotchi. Dzinalo linachokera ku ntchito yawo. Anali ndi katebulo kagalasi pakhonde la sitolo ya mankhwala, pomwe ankakhala tsiku lonse atapana kagalasi kokulitsira zinthu pa diso limodzi, akutola timasikuluu tochepa ngati mchenga. Ntchito inali itazilala, poti masiku ano nthawi anthu amaiyang'ana pa foni. Makasitomala otsala anali okalamba anzawo ndi ofuna kusintha batire kapena lamba. Iwo sankadandaula nazo. Ankati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kudekhako anali nako kokwanira mawotchi ndi nsomba zomwe. Loweruka lililonse katebulo kankakhala kokhoma, eni ake ali ku damu.

Damulo linali kunja kwa tauni, kupitirira malo okonzerako magalimoto a khonsolo. Boma linalikumba kalekale kuti lizipereka madzi m'mipopi. Litamanga lina lalikulu kutali, ili linangosiyidwa ndi bango lake, tchire lake ndi nsomba zake. Malo onse olizungulira anali a boma, zomwe kwa anthu a m'tauni zinkatanthauza kuti ndi a aliyense. Kunkapita aphunzitsi, oyendetsa minibasi, amayi ogulitsa mumsika, ngakhale abusa ena ankaonekako atavula kolala.

Koma owedza a pa damuli anali ndi kachitidwe kawo. Aliyense wodziwa ntchito anali ndi malo ake amene ankawadyetsera. Ankakanda gaga ndi madzi, n'kuumba timibulu, n'kumatiponya pamalo amodzimodzi sabata ndi sabata mpaka nsomba zitazolowera kuti pano ndiye pa khitchini. Ntchito yotereyi siyogwirira mnzako. Choncho malo odyetsera ankabisidwa koposa chibwenzi. Wowedza wochenjera sankaponda kawiri pa udzu umodzi, kuopa kuti pangabadwe njira. Lero alowera apa, sabata yamawa alowera apo, ndipo akamva mapazi kumbuyo ankawerama n'kuyamba kumanga zingwe za nsapato mpaka wotsatirayo atadutsa. Anthu ankafika ku damu ambirimbiri, koma njira yoti ungailoze ndi chala panalibe.

Malo a a Mawotchi palibe amene ankawadziwa. Adakali mnyamata anapeza m'tchire kamsewu kakale ka miyala, komwe ogwira ntchito za madzi ankadzera. Kankayambira kuseri kwa kanyumba ka magetsi n'kutsetsereka pang'onopang'ono mpaka pa masitepe a simenti otsikira m'madzi akuya. Poyambira kamsewuko iwo anabzalapo khonje ndi mitengo ya minga, n'kusiya kampata kokwawira komwe ankatseka ndi nthambi youma. Mitengo inakula, ogwira ntchito za madzi aja anatha mmodzimmodzi, kamsewu kanaiwalika. Pa sitepe yapamwamba simenti inali itasalala chifukwa cha thalauza lawo.

Amene ankavutika nazo kwambiri anali alamu awo, mchimwene wa akazi awo, wometa tsitsi amene anthu ankawatcha a Lumo. Dzinalo ena ankati ndi la ntchito, koma owadziwa ankati ndi la pakamwa. Zaka zonsezi a Lumo anayesa zonse. Anawanyengerera, anawameta ulere, anawatsatira m'tchire mpaka kung'ambitsa malaya atsopano.

"Alamu, ine ndinakupatsani mlongo wanga wathunthu, wamaso awiri," ankatero uku akunola lumo. "Inu kungondionetsa pokhala nsomba mukukanika?"

"Mlongo wanuyo ndi amene anandiphunzitsa kusunga pakamwa," ankayankha a Mawotchi. "Kunyumba kwathu wolankhula ndi mmodzi."

Kenako matenda a shuga anawagwira mwendo a Lumo, ndipo zotsatira anthu m'tchire zinathera pomwepo. Anayamba kuwedza pagombe lapafupi, pomwe njinga yamoto inkatha kuwatsitsa. Nsomba za pamenepo zinali ngati zala, koma iwo ankabwerako atatsitsimuka, ali ndi mabodza okwanira makasitomala a sabata yonse.

Loweruka lina ku damu kunabwera mayi wachilendo, atavala chipewa cha dzuwa ndi nsapato zansalu, botolo la madzi lili m'manja. Mbedza analibe. Anayambira kwa a Lumo, poti ndiwo anali pafupi.

"Mwaswera bwanji, bambo? Kodi muno nsomba zimapezeka?"

A Lumo anavundikira ndowa ndi chipewa chawo. "Nsomba, mayi? Zinatha kalekale. Ife timangothawa phokoso kunyumba."

Mayiyo anafunsa mphunzitsi wina amene anali chapafupi, yankho lomwelo. Anafunsa woyendetsa minibasi, iye anawonjezera kuti chiyambire chaka sanagwireko ngakhale yodwala. Pobwerera, pamsewu waukulu, anakumana ndi a Mawotchi atanyamula thumba lomwe linkadontha madzi.

"Nanga inu, bambo, zakuyenderani?"

"Damu ili linafa, mayi. Muli achule okhaokha."

"Nanga m'thumbamo?"

"Nsapato zanga. Ndinaterereka."

"Pepani. Ndifunseko china. Anthu amadzera kuti popita kumadziko? Ndazungulira, njira yeniyeni sindikuiona."

A Mawotchi anatambasula dzanja n'kuloza tchire lonse nthawi imodzi. "Njira kulibe kuno, mayi. Aliyense amangobowola poti wabowola."

Mayiyo anathokoza mwaulemu, anajambula tchire ndi foni yake, n'kumapita. Madzulo ake m'babashopu ya a Lumo munali chikhakhali. Onse anagwirizana kuti mayi uja anatumidwa ndi mwamuna wake kudzafufuza malo abwino, ndipo anayamikizana kuti amubweza chimanjamanja.

Chakudza sichiimba ng'oma. Mvula itangosiya kunabwera lole yodzaza mizati ya simenti, kenako mipukutu ya waya, kenako geti la chitsulo, chikwangwani ndi mlonda wa yunifomu yake. Bambo wina amene anamanga loji pamwamba pa chitunda anali atabwereka kwa boma malo onse a m'mbali mwa damu. Wofuna kuwedza ankayenera kulipira pa geti ngati mlendo wa pa loji. A Lumo anatsika njinga yamoto, anawerenga chikwangwani mpaka pansi, n'kukweranso njinga yomweyo.

Anthu anapsa mtima, ndipo khonsolo inaitanitsa msonkhano mu holo yake. Owedza anabwera atapinda manja a malaya, mawu atawanola kunyumba. Mwini loji anakhala kutsogolo, bambo wofatsa wa kamimba kake, osati chilombo chomwe ankayembekezera. Pambali pake panali wochokera ku ofesi ya za malo. Ataimirira kuti alankhule, holo yonse inamuzindikira. Anali mayi uja. Chipewa chokha ndiye anasiya kunyumba.

"Bambo awa popempha malowa," anatero mayiyo, "anati damulo palibe chomwe anthu amapindula nalo, komanso kulibe njira ya anthu onse. Ine sindinafune kungokhulupirira za pa pepala. Ndinabwera ndekha kudzakufunsani eni ake. Bambo inu apo munati nsomba zinatha kalekale. Aphunzitsi munati chimodzimodzi. Bambo a kumapeto uko munati muli achule okhaokha, ndipo njira kulibe. Ine ndinalemba zomwe munandiuza."

A Lumo anayamba kuyang'anitsitsa ndodo yawo yoyendera ngati aiona koyamba.

"Koma mayi," anatero mphunzitsi uja potsiriza, mawu ali pansi, "zimene zija ndi kayankhulidwe chabe. Wowedza sanena."

"Ine sindiwedza, aphunzitsi. Ndikanadziwa bwanji?"

Kenako anafotokoza modekha mmene nkhani inalili. Madzi ndi a aliyense, palibe angawabwereke. Koma mtunda wowazungulira boma lingaubwereketse, pokhapokha ngati pali msewu wa boma wofika kumadziko, chifukwa msewu wa boma sutsekedwa. Mapu akale a ku ofesi ankaonetsa kamsewu kotere, kothera pa masitepe, koma anali ofufutika, ndipo iye anakafunafuna m'tchire osakapeza.

"Msewu umene uli pa pepala pokha sindingaumenyere nkhondo," anamaliza motero. "Wina akandionetsa pansi, ndiuponde ndi phazi langali, mpanda uyenera kupatuka."

Anthu anayang'anana. Okalamba anakanda pamutu, wina anati anamvapo za masitepewo kwa malemu atate ake koma sankadziwa mbali yake. A Mawotchi anali kuyang'ana wotchi yawo ngati yaima. Iwo ankadziwa chinthu china chimene holo yonse sinkadziwa. Omanga mpanda atafika pa minga ija anaona kuti ngakhale galu sangadutsepo, ndipo anathera waya pomwepo n'kukayambiranso mbali inayo. Kampata kawo kanali kotsegula. Mpanda unatsekera tauni yonse kunja, kupatula iwo okha.

Tinene zoona, anasangalala. Ndi wowedza uti amene sanalotepo damu lonse lili lake? Loweruka lotsatira anakwawa pa kampata kawo n'kukakhala pa sitepe yawo. Tsidya lina kunalibe wailesi, kunalibe ana oponya miyala m'madzi, kunalibe mphunzitsi woimba nyimbo za kutchalitchi mophonya. Kachidutswa ka patapata komwe ankayandamitsira chingwe kankangoti kugwa m'madzi, n'kumira nthawi yomweyo. Nsomba zinkadya ngati zalipidwa. Anagwira milamba yonenepa mpaka thumba linawalemera.

Vuto linayamba pobwerera. Kale ankadutsa dala pakhomo pa babashopu, thumba likudontha, kuti alamu awo afuule kuti, "Zikudya?" iwo n'kuyankha kuti, "Sizikudya," anthu n'kufa nazo kuseka. Tsopano anazungulira kuseri kwa msika ngati wakuba nkhuku, thumba atalilowetsa m'katoni. Nsomba yaikulu kuposa zonse zomwe anagwirapo inalowa m'nyumba popanda woiona. Apa m'pamene anazindikira kuti bodza lakale lija linkakoma chifukwa aliyense ankadziwa kuti ndi bodza. Latsopanoli linalibe womuseketsa.

Akazi awo anakonza nsombazo pa sinki osalankhula, zomwe kwa iwo zinali zachilendo kwambiri. Atamaliza anapukuta manja pa thaulo.

"Damu lotseka lija likubereka bwino," anatero.

"Ndagula."

"Mwagula. Ndiye wogulitsayo amakhala m'minga, poti thalauza ili ndakhala ndikulizula minga chilowereni m'nyumba muno. Kumbuyoku kumakhala simenti. Wochapa ndine, bambo." Anaika nsomba imodzi m'mbale n'kuivundikira. "Akulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Inu ndi anzanu munabisa phazi n'kusiya mlomo. Iyi ndikukapatsa achimwene."

"Adziwatu!"

"Adziwe. Ndikawauza kuti mwagula."

Masabata anapita. Tsitsi linakula, a Mawotchi akuzengereza, mpaka akazi awo anati m'mutumo mwayamba kufanana ndi tchire la ku damu. Anapita ku babashopu pakati pa sabata, masana, nthawi yopanda anthu. Kachipindako kanali monga mwa masiku onse: galasi long'aluka pakona, mpando wozungulira womangidwa ndi waya, fungo la sipiriti ndi paudala. Koma ndodo za mbedza, zomwe zinkakhala kuseri kwa chitseko, zinali zitamangidwa pamodzi n'kukwezedwa kudenga. A Lumo anali ataonda. Loweruka tsopano ankatsegula shopu tsiku lonse, osati chifukwa cha makasitomala, koma chifukwa kunalibe kwina kopita.

Anawakulunga nsalu m'khosi n'kuyatsa makina. A Mawotchi anadikira chipongwe. Mayankho anali atawakonzeratu panjira. Koma makina okha ndi amene ankalira.

"Nsomba ija inali yokoma," anatero a Lumo patapita nthawi. "Mukawathokoze ogulitsawo."

"Ndikawauza."

Anameta mbali ina, kenako inzake, akukoka mwendo pozungulira mpando. Atamaliza anawasasa m'khosi ndi burashi n'kutsegula kabati. Anatulutsamo kachitini ka mbedza zawo, zobayidwa bwinobwino pa kachidutswa ka siponji, zija sankalola munthu aliyense kuzikhudza.

"Tengani izi, alamu. Kwa ine zingochita dzimbiri."

"Sungani. Zinthu zisintha."

"Tengani." Anawaika kachitiniko m'manja n'kuwafumbatitsa. "Musaope, sindikufunsani kanthu. Munthu malo ake ndi malo ake. Munawadyetsera nokha."

Mawu amenewo anawapweteka a Mawotchi kuposa chipongwe chilichonse chomwe chinatulukapo m'kamwa mwa alamu awo. Moyo wawo wonse munthu uyu ankawafunsa funso limodzi, ndipo iwo ankakondwa kulikana. Tsopano wofunsayo anali atalisiya yekha. Anadziyang'ana pa galasi, mutu uli mbee, kachitini kali pamiyendo, ndipo anachita manyazi. Mantha analiponso, tisabise. Ankadziwa bwino lomwe kuti malo odyetsera akadziwika ndi anthu awiri, ndiye kuti adziwika ndi tauni yonse.

Loweruka limenelo anapitanso ku masitepe. Anamangirira imodzi mwa mbedza za alamu awo, ndipo isanafike n'komwe pansi inagwira. Anaikoka nsombayo, anaiyang'ana, anaichotsa mbedza mosamala n'kuibwezera m'madzi. Sanaponyenso. Anangokhala akuyang'ana tsidya, pagombe lija a Lumo ankakhala. Pamalo pa kampando kawo udzu unali utayamba kumera.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Lolemba katebulo ka mawotchi sikanatsegulidwe. Eni ake anali pa benchi ku ofesi ya za malo, pakati pa anthu okanganirana malire a mapuloti, chikwanje atachikulunga m'nyuzipepala. Nthawi yawo itakwana analowa m'kachipinda kodzaza mafayilo, momwe fani inkazungulira mwaulesi. Mayi uja anawazindikira asanakhale pansi.

"Bambo a achule."

"Ndine ndemwe, mayi. Nsapato zansalu zija mukadali nazo?"

Mayiyo anawayang'ana, anayang'ana nyuzipepala yotalika ija, n'kutenga foni kuimbira mwini loji kuti akakumane kuseri kwa kanyumba ka magetsi.

Mitengo imene munthu unabzala wekha kuidula kumawawa, ndipo iyi inabwezera. Pofika poti mpata wakwana munthu woimirira, manja a a Mawotchi anali ndi mikwingwirima ya magazi. Anapalasa masamba ouma ndi phazi, miyala ya msewu inaonekera, yoyalidwa mwadongosolo monga anaisiyira eni ake. Chapatsogolo panali kamwala ka simenti kolembedwa manambala a boma. Mayi uja anakapukuta ndi dzanja, anakajambula, kenako anaponda pa msewuwo mwamphamvu ngati akuyesa mlatho.

"Ine ndinafunsatu," anatero mwini loji, mosakwiya, akuzula munga pa jekete. "Anandiuza kuti njira kulibe."

"Anakuuzani ndani?" anafunsa a Mawotchi.

"Aliyense."

"Ndiye kuti munafunsa owedza, bwana."

Anatsetsereka onse atatu mpaka pa masitepe. Madzi anali phee, obiriwira, akuya. Koma nsomba za pamenepo zinali zitazolowera kuti mapazi akamveka pa simenti ndiye kuti gaga wafika. Posakhalitsa madzi anayamba kutakasika, misana yakuda ikutulukira n'kumira, milomo ikutsegukira kumwamba. Mayi uja anaima akuonerera kwa kanthawi.

"Achule anu ali ndi zipsepse," anatero. "Tsopano ndikalembe kuti chiyani, bambo? Nsomba zilimo?"

A Mawotchi anayang'ana madzi. Mawu amenewa anali asanatulukepo pakamwa pawo chiyambire kugwira mbedza.

"Zilimo."

"Zambiri?"

"Mayi, munthu saphedwa kawiri."

Mwini loji anaseka mpaka kamimba kanagwedezeka. Anati mpanda ausuntha, sakufuna milandu ndi boma ngakhale ndi anthu amene adzakhale nawo moyandikana moyo wake wonse. Kenako anafunsa, maso ali pa misana yakuda ija, ngati alendo a pa loji angamabwerenso kudzawedza pamenepa.

"Msewu ndi wa boma," anayankha mayiyo. "Aliyense."

Atamva mawu akuti aliyense, a Mawotchi anayang'ana sitepe yawo yosalala ija.

Za ku ofesi siziyenda ndi wotchi, koma zinayenda. Waya anapindidwa, kusiya msewu ndi gombe lonse la mbali ya masitepe. Anthu a khonsolo anabwera ndi zikwanje n'kumaliza zomwe a Mawotchi anayamba. Njira imene inabisika zaka zonsezo inakhala yotakata moti njinga yamoto inkafika mpaka pamwamba pa masitepe. Ndi mmene a Lumo anafikira Loweruka loyamba, ndodo za mbedza zitatsitsidwa kudenga, alamu awo atakwera kumbuyo atanyamula ndowa ziwiri.

Anapeza tauni yonse itafika kale. Mphunzitsi analipo ndi nyimbo zake, woyendetsa minibasi analipo, wailesi inalipo, ana oponya miyala analipo. Pa sitepe yapamwamba, pa simenti yosalala ija, panali patakhala mtsikana wina amene a Mawotchi anali asanamuonepo, chingwe chili m'madzi, miyendo akuigwedeza. Iwo anaima kumbuyo kwake, timibulu ta gaga tili m'thumba la jekete. Sanadziwe chonena, choncho ananena chimene aliyense amanena.

"Zikudya, mwanawe?"

Mtsikanayo sanatembenuke n'komwe. Chidendene chake chinakankhira ndowa kuseri kwa sitepe.

"Sizikudya, agogo. Pano palibe kanthu. Yesani uko ku bango."

A Lumo anaseka mpaka anatsamira ndodo ndi manja awiri, misozi ili chuchuchu. "Alamu! Mwana wanu uyu? Bwanji simunatiuze? Dikirani mlongo wanga amve!"

Mtsikanayo atatembenuka n'kuona mwendo wotupa ndi ndodo, anasendera msanga pa sitepe yapansi. A Lumo anakhala pansi pang'onopang'ono. Anasisita simenti yosalala ija ndi chikhato, anayang'ana madzi, anayang'ana kumtunda komwe kunali minga.

"Ndiye ndi pano."

"Pomwepo."

"Malaya anga aja ndinang'ambira apo, pamtengo uwo. Ndinatsala pang'ono."

"Ndinkakuonani. Ndinagona chafufumimba m'masamba mpaka munapita."

A Mawotchi anatulutsa kachitini ka mbedza n'kukaika pamiyendo ya eni ake. Kenako anatulutsa gaga n'kumuponya patsogolo pa alamu awo, pamalo enieni, dzanja likudziwa lokha. Madzi anatakasika, anthu onse a pa masitepe anatembenuka, zingwe zinayamba kugwera pamenepo ngati mvula. Zinawawawa. Ankadziwa kuti pakatha miyezi ingapo malowa adzakhala ngati ena onse, nsomba zikuluzikulu zitatha kapena zitathawira pakati. Ananyamula ndowa yawo n'kupita uko ku bango, komwe mtsikana uja anawalozera.

Ku bango kunalidi kopanda kanthu. Dzuwa linakwera, kachidutswa ka patapata kali ndii pamadzi, osagwedezeka. Nyongolotsi inkatuluka m'madzi ili yathunthu, itangoyera. Chapamasana anamva mapazi kumbuyo. Anali mphunzitsi uja, ndodo ili paphewa.

"Zikudya, a Mawotchi?"

"Sizikudya, aphunzitsi." Anapendeketsa ndowa kuti aone. Munali madzi okhaokha.

Mphunzitsi anayang'ana ndowa, anayang'ana nkhope yawo, anayang'ana udzu wa m'mbali. Kenako anagwedeza mutu ngati munthu amene wamvetsa zonse, n'kuyamba kumasula chingwe chake pomwepo. Anakodola woyendetsa minibasi. Woyendetsa minibasi anabwera ndi mnzake. Posakhalitsa a Mawotchi anali pakati pa anthu, zigongono zikugundana.

"Anthuni, ndikunenatu zoona!"

"Tikudziwa, achikulire, tikudziwa," anatero woyendetsa minibasi, akubaya nyongolotsi. "Sizikudya."

Nthawi yomweyo ku masitepe kunamveka phokoso. A Lumo anali ataimirira ndi mwendo umodzi, mtsikana uja atawagwira lamba kumbuyo kuti asagwere m'madzi, m'manja muli mlamba wonenepa ukupindika uku ndi uku. Anaukweza m'mwamba kuti damu lonse lione, ndipo mawu awo anaoloka madzi monga ankaolokera msewu wa pa babashopu.

"Alamu! Kunonso sizikudya!"

A Mawotchi anaseka, kenako anapukuta m'maso ndi mkono wa jekete, poti dzuwa la pamadzi limalasa. Anasendera pang'ono kuti mphunzitsi apeze poponda, n'kumukankhira chitini cha nyongolotsi.